Nyumba ya mchenga ya kumapiri a Himalaya: n'chifukwa chiyani amonke amaimanga n'kuisesa?

Kumpoto kwenikweni kwa India, kumene dzikolo limachita malire ndi China ndi Pakistan, kuli dera lotchedwa Ladakh. Ndi dziko la miyala ndi mphepo, mapiri ake ndi oyera mbee opanda ndi mtengo womwe, ndipo tawuni yake yaikulu, Leh, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002, ndiye kuti amayi ogulitsa ndiwo m'mbali mwa msewu ku Leh amaswera pamwamba kuposa pamenepo. M'zigwa za kumeneku, komanso ku Spiti cha kum'mwera kwake, muli nyumba za amonke a Chibuda zomwe eni ake amazitcha gompa. Zambiri anazimanga pansonga za zitunda, zina zinachita kumatirira kuphompho.

Chaka ndi chaka, kukayamba kutentha ndipo misewu ikatseguka, alendo amapanikizana m'magalimoto a jipi kupita ku magompa amenewa. Ena mwa iwo chomwe akufuna n'chimodzi: kuona amonke akujambula chithunzi cha mchenga wamitundumitundu, chotchedwa mandala, kenako n'kuchisesa chonse. Mukawafunsa tanthauzo lake, pafupifupi onse amayankha mofanana, kuti amonke akutiphunzitsa kuti zonse n'zakutha. Yankholi si labodza, ndipo amonke eni ake amalinena. Koma ndi kachidutswa chabe ka nkhani, ndipo amene wagwira kachidutswa kameneka kokha amaonerera mwambo wonse osamva chimene chikuchitika pamaso pake.

Tiyambe ndi msewu, poti ndiwo umasankha amene afike ndi tsiku limene afike.

Njira zodziwika zopitira ku Leh pagalimoto zilipo ziwiri. Ina imachokera ku Srinagar, n'kudzera pampata wa Zoji La ndi tawuni ya Kargil. Ina imachokera ku Manali, n'kukwera mipata ingapo, wautali kwambiri ndi Tanglang La wa mamita opitirira 5,300. Iliyonse ndi ya makilomita oposa 400, ndipo zonse zimatsekeka ndi chipale chofewa kwa nthawi ndithu m'nyengo yozizira. Misewuyi sanailambulire anthu opita kukapemphera. Amaisamalira ndi a Border Roads Organisation, bungwe la boma la India lomwe ntchito yake n'kuonetsetsa kuti asilikali ndi katundu wawo akufika kumalire. Si zachilendo jipi kuima pambali kwa nthawi yaitali kudikira kuti mdipiti wa malole a asilikali udutse.

Ku Leh kwenikweniko sikuvuta, kuli bwalo la ndege. Kovuta ndi kuseri, monga ku Zanskar. Chigwa chimenechi chinalibe msewu wa galimoto mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene analambula msewu wochokera ku Kargil kukafika ku Padum, tawuni yaikulu ya m'chigwamo, makilomita pafupifupi 230, wodzera pampata wa Pensi La pa mamita 4,400. Kwa zaka zambiri unali msewu wa miyala ndi fumbi wodya tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Chipale chikatseka Pensi La, anthu a ku Zanskar ankatsala ndi njira imodzi yotulukira, yoyenda pansi masiku angapo pamwamba pa mtsinje wa Zanskar utaundana, ulendo womwe amautcha Chadar. Ku Zanskar n'komwe kuli Karsha, gompa yaikulu kuposa zonse m'chigwamo, ndi Phuktal, yomwe inamangidwa pakamwa pa phanga pamwamba pa mtsinje wa Tsarap. Ku Phuktal galimoto imakusiyani panjira, chigawo chomaliza n'cha miyendo.

Magalimoto ake nthawi zambiri ndi Mahindra Bolero, Scorpio kapena Tata Sumo, ena a matola onyamuka akadzaza, ena ochita kuhaya ndi dalaivala wake. Madalaivala ali ndi mabungwe awo ku Leh, ku Kargil ndi ku Zanskar, ndipo salola galimoto ya hayala ya kwina kumanyamula anthu m'dera lawo, moti mlendo nthawi zina amasintha galimoto panjira osadziwa chomwe chavuta.

Dalaivala wodziwa ntchito amafuna kunyamuka kusanache, ndipo chifukwa chake ndi madzi. Timitsinje todutsa pamsewu timachokera ku madzi oundana a pamwamba pa mapiri, omwe amasungunuka kwambiri dzuwa likakwera. Kamtsinje komwe m'mawa kamangonyowetsa matayala, pofika 3 koloko masana kamakhala katakwera mpaka pachitseko, madzi ake otuwa ndi matope, miyala ikugubuduzika pansi mochita kumveka. Apa dalaivala amatsika, n'kuyang'ana momwe adutsira anzake, mwina n'kuponyamo mwala, kenako amalowa ndi giya yoyamba osachotsa phazi mpaka kutsidya. Pamwamba pa mpata uliwonse pali mulu wa miyala ndi tinsalu ta mapemphero ta mitundu isanu tikupepeluka ndi mphepo, ndipo Abuda ena podutsa amafuula kuti "Ki ki so so lha gyalo", kulengeza kuti milungu yapambana. Akafika pa khoma la miyala yolembedwa mapemphero, kapena pa chorten, chipilala choyera chosungiramo zopatulika, amadutsa mochisiya kudzanja lamanja, ngakhale mbali inayo ioneke yosalala.

Mdani wina ndi mpweya. Pa Leh, munthu akakoka mpweya kamodzi amapeza okosijeni wokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a amene akanapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pa Tanglang La ndi theka chabe kapena kupitirira pang'ono. Mutu umawawa, mseru umabwera, tulo timathawa. Akuluakulu a ku Leh amalangiza wobwera pandege kuti apume maola 48 asanakwere kwina. Vutoli likakula, m'mapapo mumatha kudzaza madzi kapena ubongo kutupa, ndipo chithandizo chodalirika n'kutsika msanga. Silisankha wamasewera kapena wofooka.

Tsopano tinene kuti mwafika, mwavula nsapato pakhomo, maso azolowera kamdima ka m'nyumba yopemphereramo, momwe mukununkha nyali za batala ndi zofukiza. Pakati pali thebulo lalikulu la ngodya zinayi, ndipo amonke anayi awerama pamenepo, aliyense mbali yake. Chimene akujambula n'chiyani?

Ndi pulani ya nyumba, yoonedwa kuchokera kumwamba. Kunja kuli mizere yozungulira: woyamba ndi wa malawi a moto, wotsatira ndi mpanda wa vajra, chizindikiro cha chinthu chosasweka chomwe Atibeti amachitcha dorje, ndipo wina ndi wa timasamba ta duwa la lotus. Mkati mwa mizereyi muli nyumba yachifumu ya mbali zinayi zofanana, yokhala ndi chipata kum'mawa, kum'mwera, kumadzulo ndi kumpoto. Zimene mlendo amaziona ngati zokongoletsa zotulukira kunja kwa zipata ndi mizati ndi madenga, zomwe wojambula wazigoneka pansi poti pamchenga sizingaime. Pakati penipeni pamakhala mwini nyumba, ndipo momuzungulira muli omutsatira ake, aliyense pamalo pake.

Mwini nyumbayu amafuna kufotokoza bwino. Abuda sakhulupirira za Mlengi, choncho tikamati "milungu" pano sitikunena olenga dziko. Amonke ophunzira amati awa ndi maonekedwe osiyanasiyana a nzeru ndi chifundo cha Buddha: ena ofatsa, ena aukali a manja ambiri ndi mano akuthwa, ukali wake wolimbana ndi umbuli ndi dyera osati ndi anthu. Mlimi wa m'mudzi wapafupi amawapempheranso chitetezo ndi zokolola, ndipo awiriwa sakanganirana kaonedwe kawo. M'Chibuda cha ku Tibet, chomwe ndicho chili ku Ladakh, Zanskar ndi Spiti, munthu wofuna kuzama amaphunzira kumanga nyumba imeneyi m'maganizo mwake, khoma ndi khoma, mtundu ndi mtundu, kenako n'kudziona yekha ngati mwini nyumbayo, ndi cholinga choti mtima wake uzolowere kukhala wotero. Koma saloledwa kuyamba yekha. Ayenera kulowetsedwa m'nyumbamo ndi lama, mphunzitsi yemwe nayenso analowetsedwa ndi wake, pamwambo wotchedwa wang. Mandala ya mchenga imamangidwira mwambo umenewu, kapena mapemphero aakulu omwe gompa iliyonse imachita chaka ndi chaka kwa mwini nyumba wake. M'magompa a gulu la Gelug, la Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa Atibeti, monga Karsha, Thiksey ndi Key, eni nyumba otchuka ndi atatu: Guhyasamaja, Chakrasamvara ndi Yamantaka.

Amene akukayika zoti iyi ndi nyumba apite ku Tabo, ku Spiti. Gompa imeneyi inakhazikitsidwa mu 996, m'nthawi ya mfumu Yeshe-Ö ndi womasulira mabuku wotchuka Rinchen Zangpo, ndipo makoma ake ndi a dothi. M'chipinda chake chachikulu muli ziboliboli 32 zadothi, zazikulu ngati munthu, zomatidwa kumakoma mozungulira, ndipo cha kumapeto kuli Buddha wotchedwa Vairocana wa matupi anayi oyang'ana mbali zinayi. Chipinda chonsecho ndi mandala, ndipo wolowamo amakhala waima mkati mwake. Ku Alchi, pakati pa Kargil ndi Leh, mandala anazijambula pamakoma ndi utoto zaka mazana ambiri zapitazo ndipo zilipobe. Ndiye kuti Abuda sakana kukhala ndi mandala zokhalitsa. Mabuku awo amatchula mandala ya mchenga, yojambula pansalu, ya m'thupi ndi ya m'maganizo. Ngati cholinga chikanakhala kungoonetsa kuti zinthu zimatha, za ku Tabo ndi ku Alchi bwenzi zitaphwanyidwa kalekale.

Ntchito siyamba ndi mchenga. Imayamba ndi kupempha malo. Amonke amapereka nsembe kwa mizimu yomwe amakhulupirira kuti ndi eni nthaka, kupempha kuti awabwereke pamenepo, ndipo pamiyambo ikuluikulu amavina gule woyeretsa malowo. Akatero amajambula mizere. Amatenga chingwe chopakidwa choko chonyowa, awiri n'kuchikoka kuti chiti nga, wina n'kuchinyamula pakati n'kuchitaya kuti chimenye thebulo ndi kusiya mzere wowongoka. Amayamba ndi mizere iwiri yopingasana pakati, kenako ya m'ngodya, n'kumawonjezera ndi rula ndi kampasi mpaka thebulo lonse litadzaza timizere toyera. Zimenezi zokha zimatha kudya tsiku lathunthu. Palibe chopeka. Muyeso uliwonse unalembedwa m'mabuku, ndipo mmonke amauloweza pamtima kwa zaka asanaloledwe kugwira ntchitoyi. Palibenso wosaina dzina lake pansi. Luso lake limaonekera pa kusaphonya, osati pa kubweretsa zatsopano.

Mchengawo ndi mwala woyera wopera bwinobwino n'kuunyika mu utoto. Kale ankaperanso miyala yamitundu yake kale, ngakhale yamtengo wapatali. Amauika m'timbale, mtundu uliwonse m'magawo owala ndi oderako. Chida chake ndi chak-pur, kachitoliro kachitsulo kakakulu mbali imodzi ndi kosongoka mbali inayo, kamsana kake kokhala ndi timano. Mmonke amatunga mchenga ndi kukamwa kwakukuluko, n'kuloza kosongokako pamzere, kenako n'kumakwecha timanoto ndi kachitsulo kena. Kunjenjemera kwakeko ndiko kumatulutsa mchenga. Akakwecha mofulumira umatuluka wambiri wodzazira malo aakulu. Akakwecha pang'onopang'ono umatuluka wochepa zedi, wokwana kujambula diso la kanyama kochepa kuposa chikhadabo. M'chipindamo simumveka kulankhula, koma kwe-kwe-kwe wa zitsulo zinayi basi. Amayamba pakati kupita kunja, kuti mkono usadutse pomwe pamalizidwa kale. Nkhope imakhala pafupi kwambiri ndi thebulo, moti ena amaphimba pakamwa ndi pamphuno ndi kansalu, pakuti kuyetsemula kumodzi kungathe kufafaniza ntchito ya tsiku. Mchenga ukapitirira mzere, amaubweza ndi kamtengo kathyathyathya. Mandala yaing'ono imatha m'masiku ochepa, yaikulu imapitirira sabata.

Mitundu nayo si yongosangalatsa maso. M'mandala zambiri mbali iliyonse ili ndi Buddha wake ndi mtundu wake: kum'mwera n'kwachikasu, kwa Ratnasambhava. Kumadzulo n'kofiira, kwa Amitabha. Kumpoto n'kobiriwira, kwa Amoghasiddhi. Ndipo kum'mawa ndi pakati amagawana Vairocana woyera ndi Akshobhya wabuluu. Amitabha ameneyu ndi yemwe Abuda a ku China ndi Taiwan amamutcha Amitofo, dzina lomwe anthu a ku Blantyre amalidziwira ku malo osamalira ana a Amitofo Care Centre, ngakhale Chibuda cha kumeneko n'cha mtundu wina, osati cha ku Tibet.

Mandala yotchuka kuposa zonse ndi ya Kalachakra, yomwe ili ndi milungu 722 m'nyumba ya nsanjika, ndipo mitundu ya mbali zake imasiyana ndi imene tatchulayi. Pamchenga milunguyi saijambula matupi onse. Ambiri amaimiridwa ndi kadontho kapena chilembo. Dalai Lama wapereka wang ya Kalachakra kangapo m'mapiri amenewa: ku Leh mu 1976, ku Tabo mu 1983, ku Zanskar mu 1988, ku Tabo kachiwiri mu 1996 pokumbukira zaka 1,000 za gompayo, ku Key mu 2000, ndi ku Leh kachiwiri mu 2014, komwe kunasonkhana anthu oposa 100,000. Pamiyambo imeneyi mchenga amauthira ndi amonke a gompa yake ya Namgyal. Zimene zimachitika kwa olowetsedwa zimaonetsanso kuti nkhani ndi yolowa m'nyumba. Tsiku lokonzekera amapatsidwa udzu wa kusha woti aike kunsi kwa pilo ndi mphasa, ndipo amauzidwa kuti asamale zomwe alote. Tsiku lolowa amamanga kansalu kofiira pamphumi, chizindikiro choti maso awo sanatseguke. Duwa limaponyedwa pa chithunzi cha mandala, ndipo mbali yomwe lagwera imasonyeza banja la Buddha lomwe munthu ali nalo pa ubale. Kenako kansalu kaja kamachotsedwa, lama n'kumufotokozera za m'nyumbamo, chipata ndi chipata.

Apa ndi pamene alendo ambiri amasochera. Mchenga womaliza ukathiridwa, iwo amati ntchito yatha, kwatsala kusesa. Kwa amonke ndiye kuti ntchito ikuyamba kumene. Amazinga thebulo lija ndi nsalu, n'kuika mbale za madzi, nyali, zofukiza ndi torma, timikate toumba ndi ufa wa balere ndi batala. Kenako, ndi mabelu, ng'oma, zinganga ndi malipenga aataliatali otchedwa dungchen, amaitana mwini nyumba ndi anthu ake kuti abwere adzakhale m'nyumba yomwe yamangidwayo. Kuyambira pamenepo, kwa iwo, pathebulopo sipali mchenga chabe. Masiku otsatira amayamba mapemphero kusanache, kumwa tiyi wa batala ndi mchere pakati pa ndime, n'kumapitiriza mpaka madzulo. Anthu a m'midzi amabwera kudzagwada, kuzungulira mandalayo ndi kusiya khatak, kansalu koyera kaulemu. Mbali imeneyi ndi yaitali, ndipo kwa munthu wosamva Chitibeti ndi yotopetsa. Ambiri a makamera amakhala atatuluka kukajambula mapiri.

Tsiku lomaliza amonke amathokoza alendo awo osaonekawo, amapepesa pa chilichonse chomwe chaphonyeka pamwambo, n'kuwapempha kuti abwerere kwawo. Akatsanzikana, nyumba ija yatsala yopanda munthu. Zili ngati chisakasa cha paukwati: mumachimanga bwino, mumachikongoletsa, koma alendo akabalalika simuchisiya chili chiimire kuti mbuzi zizigonamo. Chinthu chomwe chakhalamo opatulika sachisiya poti fumbi, mbewa ndi mapazi a anthu zichinyoze. Amachichotsa mwaulemu, ndiponso mwadongosolo lake.

Lama wamkulu amayamba ndi kutsina mchenga pang'ono pamalo a mulungu aliyense, motsata ndondomeko, n'kumauika padera. Kenako amatenga dorje n'kudula mizere kuchokera m'mphepete kupita pakati, mbali zonse zinayi ndi m'ngodya. Akatero amonke ena amakankhira mchenga wonse pakati ndi maburashi kapena manja. Mitundu yonse ija ikasakanikirana imasanduka kamulu kotuwa, kochepa modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwa chithunzi chija. Wina amagawira anthu pang'onopang'ono m'timapepala, ndipo amakausunga kunyumba ngati dalitso. Ena amauika pamutu pa munthu amene akumwalira. Wotsalawo amauthira mumtsuko, n'kuukulunga ndi nsalu ya silika, ndipo mdipiti wa amonke ovala zipewa zawo za mwambo umatsika nawo phiri ndi malipenga kupita kumtsinje.

Kuthira mchenga m'madzi, komwe mlendo amakuona ngati ndakatulo, kwa mlimi wa kumeneko ndi nkhani ya m'munda. Ku Leh mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 100. Balere, nandolo za kumeneko ndi mitengo ya maapurikoti zimadalira ngalande zochokera ku madzi osungunuka ndi akasupe. Eni madziwo, malinga ndi chikhulupiriro chawo, ndi a lu, omwe ku India amawatcha naga, mizimu yooneka ngati njoka yomwe ikakwiya imaumitsa kasupe kapena kubweretsa matenda a pakhungu. Mchenga wodalitsidwa ndi mphatso kwa iwo, ndipo madzi amanyamula dalitsolo kupita nalo kumunsi konse. N'chifukwa chake midzi imalipira mwambowu mosanyinyirika. Batala wa nyali, ufa wa torma, tiyi ndi nkhuni zimachokera kwa anthu wamba ndi kuminda ya gompa yomwe iwo amalima, ndipo ambiri mwa amonke omwe awerama pathebulo paja ndi ana ndi abale a m'midzi yomweyo, poti kuyambira kale mabanja ankapereka mwana mmodzi ku gompa.

Nanga phunziro lija loti zonse n'zakutha? Lilipo ndithu. Ndi chimodzi mwa ziphunzitso zoyambirira za Buddha, ndipo mmonke amene wapweteka msana sabata yathunthu n'kusesa yekha ntchito yake akudziphunzitsa kusaumirira. Koma ine ndikuona kuti phunziroli linakula kuposa ena onse chifukwa ndi lomwe limanyamulika mosavuta kupita nalo kwa anthu akunja. Kale mandala ya mchenga sinali yoonetsa aliyense. Zambiri zinali za olowetsedwa okha. Zinthu zinasintha Dalai Lama ndi Atibeti zikwizikwi atathawira ku India mu 1959, pamene chikhalidwe chawo chinafunika abwenzi kuti chipulumuke. Mu 1988, mololedwa ndi Dalai Lama, amonke a Namgyal anamanga mandala ya Kalachakra pamaso pa anthu ku American Museum of Natural History mu New York. Kuchokera apo magulu a amonke akhala akuyenda m'mayunivesite ndi m'nyumba zosungira zakale za ku America ndi ku Ulaya, kumanga mandala ndi kusonkhanitsa ndalama zothandizira magompa omwe anamangidwanso ku India. Kwa munthu amene waima mphindi khumi panthawi yopuma kuntchito, simungayambe kufotokoza za eni nthaka, zipata zinayi ndi a lu. Mumamuuza kuti zonse n'zakutha, iye n'kugwedeza mutu.

Ndipo lamulo losesa silinakhale lolimba monga ambiri amaganizira. Mu 1991 amonke a Gyuto anamanga mandala ya Yamantaka ku Minneapolis Institute of Art, ndipo akatswiri a kampani ya 3M anathandiza kupeza zomatira zoti mchengawo ugwire. Ilipo mpaka lero, yopachikidwa pakhoma.

Ladakh anatsegulidwa kwa alendo akunja mu 1974, ndipo amene anaona mandala ku New York kapena pa intaneti tsopano amafuna kukaiona kwawo kwenikweni. Apa pamabuka vuto la masiku. Magompa amatsata kalendala ya ku Tibet, yoyendera mwezi, momwe masiku ena amadumphidwa ndipo ena amabwerezedwa, moti tsiku la mwambo limasuntha chaka ndi chaka pa kalendala yathuyi. Gompa iliyonse ilinso ndi nthawi yake. Alendo ambiri amasokoneza mwambo wa mandala ndi zikondwerero za magule a zigoba otchedwa cham, monga cha ku Hemis kapena Gustor ya ku Karsha, zomwe masiku ake amalengezedwa kutali ndipo zimadzaza mabasi. Mapemphero a mandala nthawi zambiri salengezedwa motero. Amene amadziwa ndi amonke, anthu a m'mudzi, ndi dalaivala uja ngati ali ndi mbale wake ku gompako. Ndiye pali anthu omwe amagwedezeka m'jipi masiku awiri n'kupeza timizere ta choko tokha, kapena thebulo losesedwa dzulo lake. Miyambo yambiri kale inkachitika m'nyengo yozizira, pamene kumunda kulibe ntchito ndipo aliyense ali pakhomo. Magompa ena anasunthira zikondwerero zawo ku miyezi yotentha, yomwe ndi ya alendo ndi ndalama zawo.

Wofika pa nthawi yake salandiridwa moipa. Moni wa "julley" amatsegula zitseko zambiri. Chofunika n'kukhala pansi m'mbali, osaloza mapazi ku mandala kapena kwa lama, kuzungulira mosiya thebulo kudzanja lamanja, kufunsa musanajambule, ndi kusawerama pamwamba pa mchenga ndi kamera yolendewera m'khosi. Kusiya kangachepe m'bokosi la zopereka n'koyenera, poti tiyi amene akupatsaniyo wagulidwa ndi anthu osauka kuposa inu.

Msewu nawo ukusintha msanga. Mu 2019 boma la India linachotsa Ladakh ku chigawo cha Jammu and Kashmir n'kuyamba kulilamulira kuchokera ku New Delhi, ndipo chifukwa cha mkangano wa malire ndi China, ndalama zamisewu zachuluka. Mu 2020 anatsegula ngalande ya pansi pa phiri ya Atal Tunnel pafupi ndi Manali. Mu 2024 a Border Roads Organisation analumikiza msewu wa Nimmu–Padum–Darcha, womwe ukudutsa pakati pa Zanskar, ndipo chaka chomwecho anayamba kuboola phiri pansi pa mpata wa Shinku La kuti njirayo izidutsika ngakhale m'nyengo ya chipale. Anthu a ku Zanskar anaupempha msewuwu kwa zaka zambiri, ndipo chifukwa chawo sichinali alendo: mayi wovutika pobereka mu January ankadikira helikopita, kapena kunyamulidwa pamwamba pa mtsinje woundana. Ngalandeyo ikadzatha, galimoto wamba yochokera ku Manali izidzafika ku Padum nthawi iliyonse pachaka, ndipo mapemphero a m'nyengo yozizira a ku Karsha, omwe mpaka pano amapezekapo ndi anthu a m'chigwamo ndi alendo owerengeka olimba mtima, adzakhala pamtunda wa tsiku limodzi kuchokera ku mahotela.